Nyenyezi Timazilalikira, Koma Kodi Timaziphunzira?

Pa msonkhano wa misasa wa chaka chatha, usiku wina jenereta inazima pulogalamu isanathe. Tinatuluka panja ndi ana a Pathfinder n'kukhala pa udzu podikira kuti magetsi ayakenso. Munali mu Ogasiti, kumwamba kunalibe mtambo ndipo mwezi unali usanatuluke. Kamtsikana kena ka zaka ngati 11 kanaloza chinthu choyera chimene chinadutsa pamwamba pathu kuchokera mbali ina ya thambo kukafika mbali inayo, n'kufunsa kuti utsi umenewo ukuchokera kuti. Mkulu wampingo wina anayankha mokoma mtima: "Si utsi umenewo, mwana wanga. Ndi Mlalang'amba, ntchito ya manja a Mulungu." Tonse tinavomera kuti Amen. Koma kamtsikanako sikanakhutire. "Nanga bwanji apa pakuwala kwambiri kuposa uko?" Tonse tinangoti chete. Kenaka wina anayambitsa nyimbo, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Ine ndinali mmodzi mwa anthu amene anasowa yankho, ngakhale ndinakhala zaka zinayi pa sekondale ya mpingo ndipo MSCE ndinakhoza. Yankho la mkulu wampingoyo linali loona, ndipo ine ndimalikhulupirira. Koma mwanayo anafunsa funso lachiwiri, ndipo funsolo tinalikwirira ndi nyimbo. Chaka chikubwerachi ndikukaima kutsogolo kwa kalasi, ndiye nkhaniyi yakhala ikundisowetsa mtendere.

Maganizo anga ndi awa. Ife a Seventh-day Adventist timakonda nyenyezi paguwa, koma m'kalasi timaziopa. Timatchula Orion m'maulaliki, timakumbukira kugwa kwa nyenyezi kwa pa 13 Novembala 1833, timawerenga za Nsangwe ndi Akamwiniatsatana m'buku la Yobu. Koma mwana akafunsa kuti zimenezi zimayenda bwanji komanso anthu anadziwa bwanji, timafulumira kusintha nkhani. Ndikuona kuti tikulakwitsa. Pofuna kusonyeza chimene tikutaya, ndifotokoza nkhani imodzi yokha, yochokera pamalo owala aja amene kamtsikanako kanaloza.

Mpiringidzo umene palibe anauonapo wonse

Mlalang'amba ndi mudzi wa nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Nyenyezizi zinayalidwa ngati lichero lalikulu lozungulira, ndipo ife tili m'kati mwa licherolo, chapakati pa mchombo ndi mkombero wake. N'chifukwa chake timauona ngati mzere: tikuyang'ana lichero kuchokera m'mbali, tili momwemo. Malo owala kwambiri aja, cha ku gulu la nyenyezi la Sagittarius, ndiwo mbali imene kuli mchombo. Kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kutipeze. Kuno kwathu tili ndi mwayi, chifukwa madzulo a Julayi ndi Ogasiti malowa amafika pafupifupi pamwamba pa mitu yathu, pamene anthu a kumpoto kwa Ulaya amangowaonera m'munsi mwa thambo kapena osawaona n'komwe.

Pakati pa licheroli nyenyezi sizinaunjikane mobulungira ngati mpira. Zinaunjikana motalika ngati mpiringidzo wotsekera chitseko. M'Chingerezi amautcha bar. Kuchokera pakati kukafika kunsonga imodzi, kuwala kumayenda zaka pafupifupi 16,000. Mpiringidzowu umazungulira wonse pamodzi ngati kuti ndi chinthu chimodzi cholimba, ngakhale kuti ndi nyenyezi zokhazokha, iliyonse ikuyenda njira yakeyake.

Palibe munthu amene anauonapo mpiringidzowu kuchokera pamwamba, chifukwa palibe angatuluke mu Mlalang'amba kuti akaujambule. Komanso pakati pa ife ndi mchombowo pali fumbi lambiri limene limatchinga kuwala. Ndiye anadziwa bwanji? M'chaka cha 1964 katswiri wina wochokera ku France, Gérard de Vaucouleurs, anaona kuti mpweya wa pafupi ndi mchombo suyenda mozungulira bwinobwino, ndipo anaganiza kuti mwina pali mpiringidzo umene ukuupatutsa. Anthu ambiri sanakhutire msanga. Panatenga zaka pafupifupi 30 kuti umboni wina upezeke. M'chaka cha 1991 Leo Blitz ndi David Spergel anagwiritsa ntchito zithunzi za kuwala kwa infrared, kumene maso athu sakuona koma kumadutsa m'fumbi, ndipo anasonyeza kuti mbali imodzi ya mchombo imaoneka yokulirapo kuposa inzake. Ena anayeza nyenyezi za mtundu umodzi, zimene mphamvu ya kuwala kwake ndi yofanana, n'kupeza kuti za mbali imodzi zimaoneka zowala kuposa za mbali inayo. Tanthauzo lake ndi lofanana ndi nyali ziwiri zamtundu umodzi usiku: yowala kwambiriyo ndiyo ili pafupi. Choncho nsonga imodzi ya mpiringidzo inapendekera chakuno, inayo chakutali.

Zimenezi si zachilendo m'chilengedwe. Milalang'amba yambiri ya mtundu wa lichero, kuposa theka, ili ndi mpiringidzo pakati. Wathuwu ndi wovuta kuuona chifukwa choti tili m'kati.

Nyenyezi zotsalira m'mbuyo

Tsopano tibwerere kuno kufupi ndi dzuwa. Nyenyezi zoyandikana nafe zonse zikuzungulira mchombo wa Mlalang'amba, ndipo dzuwa likuthamanga makilomita pafupifupi 230 pa sekondi. Munthu angayembekezere kuti liwiro la nyenyezi zimenezi lingosiyana mwachisawawa, ina yofulumirako pang'ono, ina yochedwerako. Koma sizili choncho. Pali magulu a nyenyezi zobalalika pathambo ponse, zina kum'mawa zina kumadzulo, zimene zikuyenda liwiro limodzi kulowera mbali imodzi. Simungaziloze ndi chala ngati Nsangwe, chifukwa sizili malo amodzi. Zimadziwika pokhapokha mutayeza mayendedwe ake. Asayansi amazitcha mitsinje ya nyenyezi.

Umodzi mwa mitsinjeyi ndi wa Hercules, umene unatenga dzina kuchokera ku nyenyezi ina ya m'gulu la Hercules yomwe imayenda nawo. Nyenyezi zake zimatsalira m'mbuyo ndi makilomita pafupifupi 50 pa sekondi poyerekeza ndi dzuwa, ndipo zikupatukira kunja, kutalikirana ndi mchombo. Olin Eggen, yemwe anafufuza magulu otere kwa zaka zambiri kuyambira cha m'ma 1950, ankaganiza kuti ndi nyenyezi zobadwira malo amodzi zimene zinabalalika koma zikuyendabe ulendo umodzi, ngati ana a banja limodzi. Ganizoli linali lomveka, ndipo linali lotheka kuliyesa. Ana a banja limodzi amafanana magazi, ndipo nyenyezi zobadwira pamodzi zimafanana msinkhu ndi zinthu zimene zili m'kati mwake, monga kuchuluka kwa chitsulo. M'chaka cha 2007 Thomas Bensby ndi anzake anayeza nyenyezi za mtsinje wa Hercules n'kupeza kuti n'zosakanikirana: zina zakale kwambiri, zina zaposachedwa, zina zachitsulo chambiri, zina chochepa. Sizinali zapachibale. Zinali ngati anthu osadziwana amene akwera basi imodzi. Funso linatsala lakuti, wazikweza ndani?

Katungwe n'kukankhana

Yankho limene ambiri amavomereza ndi mpiringidzo uja. Koma chinthu chimene chili kutali choncho chingasonkhanitse bwanji nyenyezi za kuno?

Aliyense amene anakankhapo mwana pa katungwe akudziwa chinsinsi chake. Sufunika mphamvu zambiri. Chofunika n'kukankha pa nthawi yake, mobwerezabwereza. Ukakankha mwachisawawa mwanayo sapita patali, koma ukamakankha pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene wafika pamalo omwewo, amakwera mpaka kuyamba kukuwa. M'maphunziro a Physics zimenezi amazitcha resonance.

Nyenyezi sizizungulira mchombo mwa mzere wobulungira ndendende. Zikamazungulira zimalowanso m'kati pang'ono n'kutulukanso, ngati mwana pa katungwe. Mpiringidzo, poti si wobulungira, mphamvu yake yokoka imasintha malinga ndi kumene waloza. Nsonga yake ikamadutsa chapafupi imakoka nyenyezi mowonjezerako pang'ono. Kwa nyenyezi zambiri kukokako kumabwera pa nthawi zosiyanasiyana ndipo kumangofafanizika. Koma pa mitunda ina yapadera, kulowa ndi kutuluka kwa nyenyezi kumagwirizana ndendende ndi kudutsa kwa nsongazo. Nyenyezi zotere zimakankhidwa pamalo omwewo ulendo uliwonse, mpaka njira zake zimapindika mofanana. Zikatero zimayamba kuyenda ngati gulu ngakhale sizinabadwire pamodzi.

M'chaka cha 2000 Walter Dehnen anagwiritsa ntchito miyezo ya setilaiti ya Hipparcos, imene inayeza nyenyezi pafupifupi 118,000, ndipo anafotokoza mtsinje wa Hercules motere. Ngati mpiringidzo ndi waufupi ndipo umazungulira mofulumira, kamodzi pa zaka pafupifupi 120 miliyoni, ndiye kuti dzuwa lili kunja pang'ono kwa mtunda wina wapadera wotere. Pa mtunda umenewo nyenyezi imalowa ndi kutuluka kamodzi nthawi iliyonse imene nsonga imodzi ya mpiringidzo yaipitirira. Njira za nyenyezi za m'kati mwa mtundawo zimatalika mopingasa mpiringidzo, pamene za kunja zimatalika motsata mpiringidzo. Ife tili pamalo pamene mitundu iwiriyi imakumana, ndiye timaona magulu awiri: khamu lalikulu ndi gulu la Hercules. Masamu anagwirizana bwino ndi miyezo, ndipo kwa zaka zoposa 15 ambiri anaona ngati nkhani yatha.

Kenaka anthu ena anayeza mpiringidzo weniweniwo mosamala. Gulu la Ortwin Gerhard ku Germany linapeza kuti ndi wautali kuposa mmene ankaganizira, ndiponso kuti umazungulira mochedwerapo, kamodzi pa zaka pafupifupi 160 miliyoni. Ngati zili choncho, mtunda wapadera wa Dehnen uja uli kutali kunja kwa dzuwa, ndipo sungafotokoze za Hercules. M'chaka cha 2017 Angeles Pérez-Villegas ndi anzake a m'gululo anabweretsa ganizo lina. Pali mtunda wina pamene nyenyezi zimazungulira mchombo mofanana ndendende ndi mpiringidzo, osaupitirira komanso osapitiriridwa. Pa mtunda umenewo, m'mbali ziwiri za mpiringidzo, pali malo awiri amene amasunga nyenyezi ngati dziwe la m'mbali mwa mtsinje limene limasunga masamba akuzungulirazungulira. Nyenyezi zina za m'dziwelo zimayenda mtunda wautali mpaka kudutsa kuno kwathu, ndipo zimenezo ndizo timazitcha Hercules.

Pa 25 Epulo 2018 setilaiti ya Gaia, imene bungwe la European Space Agency linatumiza m'mlengalenga mu Disembala 2013, inatulutsa miyezo ya nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Mtsinje wa Hercules unaoneka bwino kuposa kale, ndipo zinadziwika kuti uli ndi timagulu tingapo m'kati mwake. M'chaka cha 2021 Rimpei Chiba ndi Ralph Schönrich anasonyeza umboni woti mpiringidzowo wakhala ukuchepetsa liwiro, ndipo pochedwapo wakhala ukukokera kunja nyenyezi zimene unagwira. Lero ofufuza ambiri atsamira ku mpiringidzo wautali woyenda mochedwa, koma kukambirana kukupitirira, makamaka pa gawo limene mikono yopindika ya Mlalang'amba nayo imatengapo.

Mpata umodzi, zifukwa ziwiri

Pali mtundu wina wa mitsinje ya nyenyezi, umene umaonekadi ngati mtsinje pa mapu a thambo. Kunja kwa lichero kuli magulu obulungira a nyenyezi zakale. Gulu lotere likamazungulira, mphamvu yokoka ya Mlalang'amba imalisomphola nyenyezi pang'onopang'ono. Zosompholedwazo zimandanda kutsogolo ndi kumbuyo kwa gululo, ngati chimanga chotayika m'thumba lobooka pa njinga. Gulu la Palomar 5, limene Walter Baade analitulukira mu 1950, lili ndi michira iwiri yotere, ndipo inapezeka mu 2001. Kutalika kwake pathambo kumaposa madigiri 20, kutanthauza miyezi yathunthu yoposa 40 itandandalikidwa.

Michira imeneyi ili ndi mipata, malo amene nyenyezi zachepa. Mipatayi inasangalatsa asayansi chifukwa cha nkhani ina yaikulu. Mayendedwe a nyenyezi amasonyeza kuti mu Mlalang'amba muli zinthu zambiri zolemera zimene siziwala, zimene amazitcha dark matter. Ziphunzitso zina zimanena kuti zinthuzi zilipo m'timibulu tambirimbiri topanda nyenyezi. Kambulu kotere kakadutsa pafupi ndi mtsinje kangasiye mpata. Choncho kuwerenga mipata kukanakhala njira yowerengera zinthu zosaonekazo, ndipo aliyense ankafunitsitsa kuti zikhale choncho.

Koma mu 2017 Sarah Pearson, Adrian Price-Whelan ndi Kathryn Johnston anachenjeza anzawo. Anasonyeza pa kompyuta kuti mpiringidzo pawokha ungathe kuboola mipata yofanana mu Palomar 5. Mtsinjewo ukamayandikira chapakati pa Mlalang'amba, nyenyezi zake sizifika nthawi imodzi. Zoyamba zimapeza mpiringidzo utaloza kwina, zotsatira zimaupeza utatembenuka. Zina zimakokedwera kutsogolo, zina kumbuyo, ndipo m'kupita kwa nthawi pakati pake pamatseguka mpata. Chimene chimakulitsa zimenezi n'chakuti Palomar 5 amazungulira molowera kumene mpiringidzo ukulowera. Anthu awiri opalasa njinga kulowera kumodzi amatha kucheza mtunda wautali, koma okumana mopingana amangokwezerana dzanja. Mtsinje wina wotchedwa GD-1, wopezeka mu 2006, umayenda mosemphana ndi mpiringidzo, ndiye sukhudzidwa nawo kwenikweni. N'chifukwa chake pamene Ana Bonaca ndi anzake anafufuza mpata wa mu GD-1 mu 2019, anali ndi chifukwa chomveka choganizira chinthu china cholemera chosaoneka. Mpata wa kuno ndi wa uko amafanana maonekedwe, koma woyambitsa angathe kukhala wosiyana.

Chimene mphunzitsi angatengepo

Ndafotokoza zonsezi chifukwa muli maphunziro amene sindinawapeze m'makope anga a kusekondale. Kumeneko ndinaloweza mayina a mapulaneti m'ndondomeko yake, n'kulemba mayeso, n'kukhoza. Palibe tsiku limene ndinafunsidwa kuti anthu anadziwa bwanji. Koma m'nkhani ya mpiringidzoyi, funso limenelo ndilo mutu wa zonse. Munthu anaganiza kuti nyenyezi ndi zapachibale, wina n'kukayeza, n'kupeza kuti ayi. Wina anapereka yankho labwino limene linakhala zaka 17, miyezo yatsopano n'kuligwedeza. Ena ankafuna kuti mpata ukhale umboni wa chinthu chimene ankachisaka, anzawo n'kuwauza kuti ayambe achotsa kaye zifukwa zina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti, kodi palibe chifukwa china chimene chingabweretse zomwezi, sangapusitsidwe msanga ndi uthenga wa pa WhatsApp, wandale wa pamsonkhano kapena mneneri wa pamsika. Ellen White, m'buku lake la Education la 1903, analimbikitsa kuti sukulu ziziumba achinyamata oganiza paokha m'malo mongobwereza maganizo a ena. Timakonda kutchula mfundoyi pa mwambo wotsazikana, koma kuloweza mayina a mapulaneti sikungaikwaniritse.

Ndikudziwa kuti pali zotsutsa, ndipo zina ndazimva kwa anzanga a m'chipinda momwe.

Choyamba n'chakuti asayansi amasinthasintha, ndiye n'kuwakhulupiriranji? Koma taonani chimene chinasintha ndi chimene sichinasinthe. Kuti mpiringidzo ulipo, umboni wakhala ukuwonjezeka kuyambira 1964. Kuti nyenyezi za Hercules zimatsalira m'mbuyo, Hipparcos ndi Gaia anagwirizana. Chimene chasintha ndi liwiro la mpiringidzo ndi njira yeniyeni imene umagwirira nyenyezizo, ndipo chasintha chifukwa miyezo yabwino yafika. Munthu amene amasintha maganizo akaona umboni ndi wodalirika kuposa amene sasintha zivute zitani. Ifeyo tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Makolo athu m'chikhulupiriro anayembekezera Yesu pa 22 Okutobala 1844, ndipo Iye sanabwere. Sanataye Baibulo. Anabwerera kukaliwerenganso, n'kuvomera kuti analakwitsa pomasulira. Mpingo wathu unabadwa mwa anthu ovomera kukonzedwa.

Chachiwiri n'chakuti nkhani zimenezi zilibe phindu m'dziko limene ana ena amaphunzirira pansi pa mtengo. Ndikumva kulemera kwa mawuwa, ndipo sindikunena kuti tigule telesikopu tisanagule madesiki. Koma thambo ndi chipangizo chophunzitsira chokhacho chimene sukulu iliyonse ili nacho mofanana, ndipo kumudzi kopanda magetsi ndiko chimaoneka bwino koposa. Kuyenda mozungulira, mphamvu yokoka, kugwedezeka kwa chinthu chomangidwa pa chingwe, zonsezi timaphunzitsa kale mu Physics. Chingwe, mwala ndi nthambi ya mtengo n'zokwanira kusonyeza resonance. Komanso zakuthambo si za Azungu okha. Ku Karoo, ku South Africa, kuli telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64, imene inatsegulidwa mu Julayi 2018 ndi chithunzi cha mchombo wa Mlalang'amba womwewu. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array. Malawi mulibe m'gululo. Ngati ana athu sadzamva nkhanizi kusukulu, adzayamba liti kulakalaka kukhala nawo?

Chachitatu ndicho chenicheni, chimene ndikuganiza kuti chinatipangitsa kuyimba nyimbo usiku uja. Nkhaniyi ili ndi zaka mamiliyoni, ndipo ife timakhulupirira kulenga kwa masiku asanu ndi limodzi. Sindikufuna kuzemba pamenepa. Nambala zina, monga zaka 160 miliyoni za kuzungulira kamodzi, zimangochokera pa liwiro la lero, monga mmene tinganenere kuti basi yothamanga motere idzafika Mzuzu pa maola akuti. Koma kuti katungwe uja agwire ntchito, pamafunika maulendo ambiri. Kuti michira ya Palomar 5 italike choncho, pamafunika nthawi yaitali. Ngakhale kuwala kumene kamtsikana kaja kanaloza kunanyamuka kalekale. Mphunzitsi woona mtima sangabise zimenezi.

Chimene ambiri sitinauzidwe n'chakuti mpingo wathu uli ndi malo okambirana nkhaniyi. Pa msonkhano waukulu wa ku San Antonio mu 2015, chikhulupiriro chathu cha nambala 6 chinakonzedwa mawu. Chimanena kuti Mulungu analenga chilengedwe chonse, kenaka chimafotokoza za sabata la kulenga la masiku enieni asanu ndi limodzi, lomwe linachitika posachedwapa. Akatswiri a Baibulo ambiri mumpingo mwathu amamva kuti nyenyezi ndi maiko ena zinalipo sabatalo lisanafike. Amatchula Yobu 38, pamene nyenyezi za m'mawa ndi ana a Mulungu akuoneka alipo kale pamene maziko a dziko akuikidwa. Ndiponso chiphunzitso chathu cha mkangano waukulu chimayambira kumwamba dziko lino lisanakonzedwe. Abale ena amaona kuti zonse zinalengedwa m'sabata lomwelo, ndipo ndimawalemekeza. Ine ndili ku mbali yoyambayo. Sindikunena kuti kumeneku kumathetsa mafunso onse a pakati pa sayansi ndi Genesis, chifukwa ena ndi ovuta ndithu. Mpingo womwe unakhazikitsa Geoscience Research Institute mu 1958 pozindikira kuti mafunso otere safunika kuwathawa.

Choopsa chachikulu ndi kukhala chete. Mwana amene tamubisira lero adzazipeza yekha pa foni, kapena m'chaka choyamba ku yunivesite. Tsiku limenelo adzaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: za nyenyezi, ndiponso zoti aphunzitsi ake achikhristu ankadziwa kapena ankaopa koma sanamuuze. Chachiwirichi ndicho chimachotsa achinyamata mumpingo. Ndili ndi anzanga amene anasiya kupemphera, ndipo pocheza nawo sindinamve kuti chinawagwetsa ndi nambala. Amanena kuti atafunsa anauzidwa kuti asamafunse.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, kumene tiyenera kukupewa. Ndi kutola nkhani ya sayansi mothamanga n'kuisandutsa umboni wa ulaliki tisanaimvetse. Ndikuona kale wina akulalikira kuti mpiringidzo wosaoneka umene ukutsogolera nyenyezi ndi dzanja la Mulungu. Ayi, mpiringidzo ndi nyenyezi, ndipo umakoka ndi mphamvu yomweyo imene imagwetsa mango. Mkhristu amakhulupirira kuti Mulungu ndiye anaika ndi kusunga lamulo limenelo, ndipo safunika kubisa Mulungu m'mipata ya zimene asayansi sanazimvetse. Nkhani ya Palomar 5 yatiphunzitsa kale zimene zimachitika ukafulumira kunena kuti mpata uwu waubweretsa ndi wakuti. Joseph Bates, mmodzi mwa oyambitsa mpingo wathu, anali kapitawo wa sitima yapamadzi, ndipo nyenyezi ankazidziwa pozigwiritsa ntchito panyanja asanayambe kuzilalikira. Anayamba waphunzira, kulalikira kunabwera pambuyo.

Tiyambire pano

Sindikupempha zinthu zodula. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, aliyense asanapite kokaphunzitsa moyeserera akhale atakonza phunziro limodzi limene funso lake lalikulu ndi lakuti, anadziwa bwanji? Atsogoleri a Pathfinder, pophunzitsa baji ya nyenyezi musamalekezere pa kuloweza mayina. Tulukani nawo ana panja. A pulogalamu ya AY, patulani Sabata limodzi madzulo, muitane mphunzitsi wa Physics ndi abusa akhale pa benchi limodzi, achinyamata afunse momasuka. Dzuwa likalowa, potseka Sabata, muzimitse magetsi kwa mphindi 20.

Ndipo pali mpiringidzo umodzi umene mungauone ndi maso anu. Madzulo a Disembala kapena Januwale, mvula ikapereka mpata ndipo mwezi kulibe, yang'anani kum'mwera. Mudzaona timitambo tiwiri toyera timene sitichoka ndi mphepo. Kakakuluko ndi Large Magellanic Cloud, mlalang'amba wina woyandikana ndi wathu, umene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike kuno. Mbali yake yowala kwambiri ndi yotalika ngati kandodo. Umenewo ndi mpiringidzo wake. Anthu a ku London sangauone, koma mwana wa ku Ntcheu angathe kuuona ataima pakhomo pa nyumba ya agogo ake.

Kamtsikana kaja sindikadziwa dzina, ndipo mwina chaka chino sikadzabwera ku misasa. Koma m'kalasi langa mudzakhala ena ngati iko. Akadzafunsa chifukwa chake apa pakuwala kuposa uko, ndidzawauza kuti Mulungu ndiye analenga, chifukwa ndimakhulupirira zimenezo. Kenaka ndidzatenga lichero, chingwe ndi mwala, n'kuyamba kuyankha funso limene afunsalo.